Makasu Pakhomo Pathu

Ndikukumbukira chaka chimene bambo anga anagula boti lachitatu la injini. Ndinali kamtsikana ka kupulaimale, kwathu ku Liwaladzi. Bambo anali atadula nzimbe ku Dwangwa kwa zaka zambiri, manja awo ali zipsera zokhazokha, koma atayamba za usipa zinthu zinawayendera msanga. Nyumba inafoleredwa ndi malata, ife tinayamba kuvala nsapato, ndipo pabwalo pathu pankamveka fungo la nsomba zouma ndi petulo.

Amene anasintha kwambiri ndi bambowo. Kutchalitchi anasiya kukhala pabenchi, anagula mpando wawowawo n'kuuika kutsogolo. Kumaliro anasiyiratu kupita. Uthenga ukafika, ankangotuma wantchito ndi thumba la ufa. Mayi akawadandaulira, ankayankha kuti, "Anthu amafuna chakudya, osati nkhope yanga. Zonsezi ndi thukuta langa, palibe anandithandiza."

M'nyengo yamvula mlongo wanga Yohane, wa zaka zinayi, anadwala malungo n'kumwalira pa njira ya kuchipatala. Anthu anabwera, amayi a kutchalitchi anayimba nyimbo, koma dzuwa linakwera manda asanayambe kukumbidwa. Anyamata okumba manda anafika ndi makasu awo, anawaunjika pakhomo pathu, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango.

Bambo anatuluka maso ali psuu, n'kuwauza kuti atchule chimene akufuna, awapatsa. Amene anayankha ndi a Mwale, mkulu wa mpingo amene kale ankadula nzimbe limodzi ndi bambo. Anayankhula mofatsa: "Achimwene, anyamatawa akuti mutume thumba la ufa likakumbe."

M'nyumba munkamveka kulira kwa mayi. Kenako bambo anavula nsapato n'kugwada m'matope pamaso pa anyamata a msinkhu wa ana awo.

"Ndinakulakwirani, ndinalakwiranso Mulungu," anatero. "Koma mwanayu alibe mlandu."

Anatola khasu limodzi n'kulunjika kumanda okha. Asanafike patali, a Mwale anadzuka n'kutola lina. Anyamata aja anatsatira mmodzimmodzi. Madzulo titamuika Yohane, ndinaona m'manja mwa bambo muli matuza ophulika, koma anakana kuti mayi awamange nsanza.

Sindikhulupirira kuti Mulungu anatenga Yohane pofuna kulanga bambo; Iye sabwezera pa ana. Chimene ndikumvetsa lero n'chakuti chuma chinawanamiza bambo kuti safunanso munthu, ndipo woiwala kuti amafuna anthu sachedwa kuiwala amene anamupatsa mpweya ndi mphamvu zogwirira ntchito. N'chifukwa chake zanga zikamayenda bwino ndimachita mantha pang'ono, n'kupempha Ambuye kuti andiphunzitse kugwada ndisanakakamizidwe ndi misozi.