Pikipiki ya Ababa

Ndikamva fungo la utsi wa njinga yamoto yakale, ndimakumbukira ababa ku Magomeni. Pikipiki yawo inkatsokomola pachitunda, ine nditawagwira m'chiuno.

Boma litalola anthu kuitanitsa magalimoto kunja, maminibasi otchedwa madaladala anadzaza msewu wa Morogoro. Amayi anati, "Bambo a Chikondi, njingayi yatha mphamvu. Isiyeni."

"Yandinyamula zaka zonsezi," anatero ababa akuseka.

Tsiku lina masana anthu anaibweretsa pangolo, itapindika. Ndinafunsa amayi, "Waiwononga ndani? Ababa akabwera akalipa." Amayi anangokhala pansi. Masiku atatu ndinkaipukuta ndi kansanza, kudikira mwini wake.

Ndinadzamva nditakula kuti daladala imene inawagunda n'kuwapha tsikulo, ababa anaiona bwinobwino pamphambano, koma njingayo inalibe liwiro lowathawitsa.