Masofa Obwereka

Anali masofa ofiirira, mpando wautali umodzi ndi ing'onoing'ono iwiri, asanachotsedwe n'komwe pulasitiki. Ukakhalapo ankalira kuti fwee, ndipo m'kutentha kuja kwa Okutobala ntchafu zinkamatirira. M'nyumba mwathu m'komboni ya Kalingalinga anakhalamo tsiku limodzi lokha. Koma mpaka lero ndikadutsa pamene akalipentala amayala katundu wawo m'mbali mwa msewu, ndikamva fungo la guluu ndi utuchi, ndimayang'ana kumbali n'kufulumiza.

Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Ba sisi, mkulu wanga, anali atakhoza giredi 12 moti dzina lawo linamatidwa pakhoma la sukulu, koma chaka chonse anangokhala pakhomo, kuchapa ndi kutunga madzi. Atate tinali titawaika kale. Amayi ankalawirira wapansi kupita kumayadi, kwa anthu olemera, kukakolopa nyumba za eni ake. Za yunivesite ife tinkangozimva.

Ndiye kunabwera mpikisano wa pa TV. Ankasonkhanitsa ana anzeru koma osauka, n'kumawafunsa mafunso Lamlungu lililonse masana, wolephera n'kumabwerera kwawo. Wopambana, mmodzi yekha, akanamuphunzitsa ku yunivesite mpaka kumaliza. Aphunzitsi a masamu ndiwo anawalembetsa ba sisi. TV tinalibe. Tinkanyamula zigubu kukaonera pakhonde la aneba, tikupemphera kuti magetsi asazime. Ba sisi akamayankha, ine ndinkaluma kolala ya diresi mpaka inabooka. Amayi sankayang'ana n'komwe. Ankakhala chofulatira, n'kumandikodola kuti ndiwauze ngati wakhoza.

Masabata anapita, anthu anaphunguka, anatsala atatu. Pamenepo analengeza kuti mafunso atha. Tsopano makamera apita kunyumba kwa aliyense kuti dziko lione kumene akuchokera, ndipo oonera adzavota pa foni kusankha woyenera kuthandizidwa.

Amayi atamva anagwira kumutu. Nyumba yathu inali chipinda chimodzi chodulidwa ndi katani. Mipando inali zigubu ziwiri ndi kireti ya mabotolo, malata anali opanikizidwa ndi miyala, khoma lili bii ndi utsi wa mbaula.

Lachitatu aphunzitsi anabwera, thukuta lili kamukamu. Anawachonderera amayi kuti asasinthe kanthu, asiye nyumba momwe ilili, ngakhale beseni lotchera madzi odontha likhale pomwepo. Amayi anamvetsera mwaulemu, anawaperekeza mpaka pampopi, koma pobwerera nkhope inali ina.

"Bafuna dziko yonse itiseke?" anatero. "Mwana wanga azayenda bwanji mu tauni?"

Lero ndimavomereza kuti aphunzitsi aja ankawadziwa masewerawo. Koma ankapempha chinthu chosatheka. Kwathu mlendo sumukhazika pachigubu pamene aneba ali ndi mpando. Kukabwera akuchikwati kapena abusa, umabwereka: mbale uku, makatani uko, ndipo palibe amene amati ndi bodza. Umenewo ndi ulemu. Nanga mlendo wobwera ndi maso a dziko lonse?

Amalume, alongo awo a amayi, anali kalipentala. Iwo sanachedwe. Anati mlendo ndi mame, n'kuwonjezera akuseka kuti masofa awo akaoneka pa TV mwina apeza wogula. Loweruka m'mamawa anawabweretsa pa wilibala, maulendo atatu. Komboni yonse inagundika. Uyu anabwera ndi kabati ya magalasi, uyu wotchi ya pakhoma yosayenda, aneba aja anatibwereka TV yomwe ija. Amalume anapaka laimu pakhoma. Ine ndinagwada kupukuta polishi wofiira pansi mpaka mawondo anasupuka, ndipo amayi anayala tinsalu toluka pa masofa monga ankaonera kumayadi. Ba sisi anali kumene opikisana ankasungidwa, sanadziwe kanthu.

Alendo ali pafupi kufika, amayi anandigwira khutu. "Bakakufunsa, vonse ni vathu. Wamvera?"

Anafika pa galimoto yoyera, ba sisi ali kumbuyo. Sindidzaiwala mmene ba sisi anaimira pakhomo paja. Anayang'ana masofa, kabati, TV, kenako amayi, amene anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi akumwetulira. Mawu amodzi a ba sisi akanakwana kuulula zonse. Koma kamera inali itayaka kale, ndipo kulankhula kukanakhala kuwavula amayi pagulu. Anavula nsapato, n'kulowa, n'kukhala pa mpando wautali uja ngati anakulirapo.

Mayi wa pa TV amene ankafunsa mafunso maso ake anali yakaliyakali, ngati munthu wofuna chinthu chimene sakuchipeza. Anafunsa amayi za mavuto awo. Amayi anayankha kuti Mulungu amatisunga, sitidandaula. Kenako anawerama kwa ine, fungo la mafuta ake onunkhira likundilowa m'mphuno, n'kufunsa ngati mipando yokongolayo inali yathu. Ndinayang'ana ba sisi, iwo anayang'ana pansi. Ndinayang'ana amayi.

"Ni yathu," ndinatero. Ndipo poti ndinali mwana wokonda kuyamikiridwa, ndinawonjezera zanga: "Na TV."

Galimoto isanafike n'komwe pamsewu wa tala, wilibala inali pakhomo kudzatenga katundu.

Sabata imeneyo inatalika. Mitambo inkasonkhana, mvula osagwa. Aphunzitsi atamva zimene tinachita sanabwerenso, ndipo kusabwera kwawoko kunawalowa amayi. Chakudya ankangochigwiragwira. Kawiri konse anandifunsa ngati mayi uja anaoneka wokondwa potuluka, ine n'kumati inde, ngakhale sindinkadziwa.

Lamlungu tinaonera kwa aneba, titakhala pa zigubu zathu zomwe zija. Kalanga ine, nyumba yathu inawala! Azimayi anaimba nthungululu, amalume akuloza masofa awo ndi chala. Kenako anaonetsa kwa mtsikana wina wa ku Chunga, kufupi ndi kotaya zinyalala: mphasa yothethuka, denga loonetsa dzuwa, mayi ake akulira osabisa nkhope. Mayi wina kumbuyo kwanga anang'ung'udza kuti wovutika weniweni ndi uyu, kenako anakumbukira pamene anali, n'kudzigwira pakamwa. Ngati mnansi wathu, amene anatibwereka yekha wotchi, anaona choncho, nanga munthu wakutali, wa ku Kitwe, wosatidziwa?

Komboni inavota ndithu, koma komboni imodzi si dziko. Lamlungu linalo dzina la ba sisi ndilo linayamba kuchotsedwa pa mpikisano. Woweruza wina anawatonthoza kuti ndi mtsikana wanzeru, ndipo mwamwayi akuchokera kubanja lopezako bwino, sadzasowa njira. Amayi ananyamula chigubu chawo n'kubwerera kunyumba osatsanzika.

Ba sisi anabwera ndi kachikwama kawo. Iwo sanakalipe, amayi sanapepese, ndipo nkhaniyi sinakambidwepo m'nyumba mwathu mpaka lero. Ba sisi ku yunivesite sanapondeko. Sukulu imene ndinaphunzira ine inatuluka m'manja awo osupuka ndi sopo wa eni ake, ndipo zimandiwawa. Zaka zambiri ndakhala ndikusinthasintha woimba mlandu: lero amayi, mawa kamwa langa, mkuja anthu amene amafuna kuti wosauka ayambe wavula asanamuthandize.

Lolemba lotsatira ba sisi atabwera, amayi anali atawapezera kale nyumba yokolopa kumayadi. Ndikukumbukira ba sisi akumanga duku pakhomo, ine ndikuvala yunifolomu. Kusukulu anzanga anali atayamba kundipatsa ulemu chifukwa cha masofa aja, ndipo ndinafuna kuti nawonso asangalale.

"Koma ba sisi," ndinatero, "tinaoneka bwino kupambana bonse."

Anandikonza kolala.

"Ee," anatero. "Tinaoneka bwino."

Ndinapita kusukulu ndikudumphadumpha. Chokhacho chinkandidabwitsa chinali chakuti anthu a pa TV, ndi nzeru zawo zonse, analakwitsa bwanji n'kupereka mphoto kunyumba yosasesa n'komwe.