Msewu wa ku Bhutan umene a Declan sanauiwale

Lachiwiri lapitali ndinali kuwameta ndevu a Declan, mmodzi wa anthu amene ndimawasamalira kunyumba ina ya okalamba ku Finglas, mumzinda wa Dublin. Mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Mwana wawo wamkazi akabwera Lamlungu, amamupatsa moni ngati nesi watsopano.

Ndili mkati mometa, anandigwira dzanja.

"Unayamba wafikako ku Bhutan?"

Ndinati ayi, ngakhale kumene kuli sindikudziwa.

Anandiuza kuti ndi kadziko ka m'mapiri a Himalaya, kokhala ndi mfumu yake, ndipo anthu ake ndi Abuda. Iwo moyo wawo wonse ankayendetsa basi muno mu Dublin. Atapuma pantchito anatenga mkazi wawo, amene pano ndi malemu, ulendo wa kumeneko, ati nawonso ayendetsedweko ndi munthu wina.

Abale, munthu wosakumbuka ngati wadya kadzutsa anandifotokozera msewu wonse, khona ndi khona. Msewu wopapatiza, uku thanthwe, uku phompho, mtsinje uli pansi penipeni ngati ulusi. Pena mitambo inkatsalira m'munsi mwa galimoto. Pamwamba pa phiri anapeza tinsalu tamitundumitundu tolembedwa mapemphero, tomangidwa pazingwe, tikuuluzika ndi mphepo. Akachisi oyera omamatira kuthanthwe ngati zisa za namzeze. Amonke ovala zofiira akuyenda wapansi, osathamangira kanthu.

"Malo ena tinapeza ng'ombe itagona pakati pa msewu," anatero. "Dalaivala wathu anangozimitsa injini n'kudikira. Hutala osaimba! Ine amene ndinakalamba ndikutukwana maloboti. Maureen anandiseka mpaka misozi."

Dzina la mkazi wawo analitchula bwinobwino. Kenako anandifunsa ngati kwathu kuli mapiri.

"Alipo, bambo. Lalikulu ndi Mulanje."

"N'kotani pamwamba pake?"

Ndinapitiriza kuwameta. Ndinakulira ku Luchenza, phirilo ndikuliona m'mawa uliwonse, koma sindinalikwerepo.

Ife ulendo timayenda pakakhala chifukwa. Maliro, chinkhoswe, matenda, kusaka ntchito. Ukanena kuti ukupita kukangoona malo, anthu amakuyang'ana ngati mutu wayamba kuzungulira. Kuli ndani wako kumeneko? Ukatengako chiyani?

Khalidwe limeneli tinabwera nalo m'chikwama. Ndatha zaka naini kuno, koma Ireland amene ndikumudziwa ndi wa pawindo la basi: kuchoka ku Ongar kumene ndimakhala kupita m'tauni, m'tauni kupita Finglas, madzulo kubwerera. Pamene tinkadikira mapepala otilola kukhala kuno tinali ndi ponamizira. Mapepala atatuluka tinangogwera m'mashifiti. Ndege timakwera pokhapokha foni ikalira kuti kumudzi kwagwa zovuta, ndipo pobwerera timakhala titatopa kuposa popita.

Sindikunyoza munthu. Ndikudziwa amene akudya chifukwa cha mashifiti amenewo, ndipo ena ndi abale anga. Koma ndaona anthu ambiri akutaya mutu pantchito yangayi, ndipo chimene chimatsalira si masiku amene munthu anafika pantchito nthawi yake. Chimatsala ndi tsiku limene mtima unasangalala. Mutu wanga ukadzayamba kutaya, udzagwiritsa chiyani? Nambala ya basi?

Lachinayi ndinawaimbira anzanga a Mai Tembo, kwawo ku Chipata, amene amakhala ku Citywest.

"Loweruka tiyeni ku Wicklow, tikayendeko."

"Kuli chani? Ukwati?"

"Ayi, kukangoona mapiri."

"Imwe! Mapili niyaona everyday nikamayanika zovala. Nili na double shift, musaniseketse."

Nditadula foni ndinapukusa mutu, n'kumati mayi awa ndiye atayika. Ndinalumbira kuti ndipita ndekha, ndipo nsapato zoyendera ndinazitulutsa kale pansi pa bedi.

Lachisanu manejala anandiimitsa pakhonde. Wina wadwala, ati, kodi Loweruka ndingagwire? Ndinavomera asanamalize n'komwe kufunsa. Palibe anandikakamiza. Pakamwa panangoyankha pokha, monga pamachitira masiku onse.

Ndiye ndikufunseni inu amene mukuwerenga izi muli m'basi, miyendo itatupa: ndi liti munanyamukapo ulendo wopanda maliro kutsogolo kwake?