Nkhuku Zisanu ndi Ziwiri Zimene Ndinadya

Ine unkhoswe ndinaupeza chifukwa cha basi. Bambo anga ndi bambo a mayi wina wa pa komboni pathu anakwera basi imodzi pochoka ku Dedza, ndipo pa pulazi ya fodya kufupi ndi Selous umenewo unali ubale wokwanira. Amalume ake enieni anatsala kumudzi, kumene kalata yonena za kubadwa kwa mwana inkafika mwanayo atamera kale ndevu. Sindikuwonjeza. Choncho mayiyo atakwatiwa ndi woyendetsa thirakitala, anthu analoza ine, wosonkhezera moto m'mabalani, kuti ndiimire kuchikazi. Iwo ankanditcha achimwene, ine n'kumati achemwali, mwamuna wawo n'kukhala mlamu wanga.

Ntchito yanga inkayenda chonchi. Mlamu akawamenya, achemwali ankathawira kwathu n'kumagona kukhitchini. Pakapita masiku angapo mlamu ankabwera ndi nkhoswe yake, nkhuku ataipanira m'khwapa. Ankanjuta pansi, ine n'kumukalipira mpaka agalu a mzungu kuyamba kuuwa kutsidya la damu. Ndikatha ndinkatembenukira kwa achemwali n'kuwauza kuti banja n'kupirira. Iwo ankamanga kamtolo kawo n'kubwerera. Nkhuku inkatsala. Mwambo unkati idyedwe, ndipo ine sindinaphwanyepo mwambo wokhala ndi msuzi.

Chaka chotsatira chilala chija cha ufa wachikasu, kunabwera ophunzira awiri a zamalamulo ochokera ku Harare, mtsikana ndi mnyamata. Aphunzitsi awo anawatuma kuti akaone lamulo likuyenda ndi miyendo, pothandiza amayi omenyedwa m'mapulazi. Anakhala m'kalasi ya sukulu ya pa pulazi Loweruka lina. Mnyamatayo anavala taye mu Okutobala, thukuta lake n'kudzaza ndowa ziwiri. Ndinaziona ndowazo.

Sabata imeneyo achemwali anali kwathunso, dzanja atalikoleka m'nsalu, khutu limodzi losamva. Mlamu anali atatumiza kale mawu kuti abwera ndi nkhuku Lamulungu. Mkazi wanga ndi amene anati munthuyu akabwereranso, ulendo wotsatira tidzachita kumunyamula anthu anayi. Anawakokera kusukulu, ine n'kumatsatira pambuyo ngati mwini mlandu.

Ophunzira aja anandiimitsa pakhomo. Anati amuna akhale panja kuti mayi ayankhule momasuka. M'mabuku awo zinali zoona. Ndinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumamvera pa windo. Mnyamata anafunsa m'Chishona kuti roora, malowolo aja a eni dziko, inali ng'ombe zingati. Atamva kuti kwathu sitipereka ng'ombe, anafufuta zimene anali atalemba. Kenako anafunsa zina ndi zina, koma achemwali anangoyang'ana bolodi. Ola lathunthu. Ntchentche inalowa, inazungulira, inatopa, inatuluka. Pomaliza anati, "Za banja langa sindingayankhule ankhoswe ali panja."

Anandiitana, nkhope zawo zosakondwa. Mtsikana uja anafotokoza kuti khoti likhoza kupereka pepala loletsa mwamunayo kuwakhudza, ndipo akaliphwanya amangidwa. Koma pankafunika kulemba kuti zinachitika liti ndi liti, munthu n'kulumbirira. Achemwali anati masiku ake ndi ambiri, onse amafanana. Ifeyo kalendala tinkaiona mu ofesi mokha.

"Sekuru," anatero mtsikanayo, kutanthauza amalume m'Chishona, "inu mukukumbukirapo chiyani?"

Ndinati madeti sindiwadziwa, koma nkhuku ndikuzidziwa zonse. Ndinayamba monga ndimayambira pa mowa. Woyamba anali tambala wofiira, nthawi yowokera mbande, wamafuta moti tinayatsira nyale sabata yonse. Wachiwiri thadzi lamawangamawanga, tikuthyola fodya. Yachitatu inali yakuda, sabata imene gule anatuluka pa maliro a kapitawo wakale, yolimba moti mphika unayamba kufewa nyama isanafewe. Mnyamata wa taye anaseka. Ine n'kumva kukoma, chifukwa munthu wa ku yunivesite akakusekerera ndiye kuti wakhoza mayeso.

Mtsikana sanaseke. Ankalemba. Pa nkhuku iliyonse ankafunsa kuti fodya anali pati m'munda, kenako n'kuikapo mwezi. Tinafika pa zisanu ndi ziwiri. Atatha anatembenuza pepala, n'kuyang'ana achemwali, n'kufunsa mofatsa kuti tambala wofiira uja anali wa chiyani.

Anali wa dzino, anatero achemwali, n'kukweza mlomo ndi chala. Thadzi lija linali la nthiti. Ankayankha okha tsopano, ngati akusankha fodya pa tebulo, tsamba ili uku, ili uku. Atafika pa yachitatu anandiyang'ana ine.

"Yakuda ija, achimwene, inali ya mimba yanga."

Sindinkadziwa. Kapena ndinene zoona, popeza ndinalumbira kale: ndinaona mkazi wanga akuchapa nsalu zambiri sabata imeneyo, koma sindinafunse. Ndinali wotanganidwa ndi kudandaula kuti nkhuku ndi yolimba.

Mtsikana uja sanandinyoze. Anangofunsa ngati ndingalumbire pamaso pa woweruza kuti zonsezi ndi zoona. Ine ndalumbirirapo zambiri, kuphatikizapo mlamba wa m'damu umene unakoka ngolo. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti lumbiro limalemera.

Lamulungu mlamu anabwera ndi nkhoswe yake komanso thadzi loyera. Ananjuta pamalo pake pa nthawi zonse, pamene panali patakumbika kale molingana ndi zidendene zake. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe kukalipa, koma m'malo mwake ndinachita chinthu chimene sindinachitepo m'zaka zonse za unkhoswe wanga. Ndinafunsa achemwali chimene akufuna.

"Musailandire," anatero.

Ndinapinda manja kumbuyo. Nkhoswe inzanga inati sinaonepo nkhuku ikukanidwa, kodi alamu mwayamba Chingerezi? Ndinati ayi, mano ndi amene akundivuta. Mlamu anaimirira, anaponya nkhukuyo pansi, n'kumapita akutukwana.

Pepala la khoti linatenga masabata, ndipo tinakwera basi ya ku Chegutu katatu, mtsikana uja akutidikira pa sitepe ya khoti ulendo uliwonse. Nyumba ya pa komboni inali ya wa thirakitala, lamulo silinaisinthe, choncho achemwali anakhala kukhitchini kwathu mpaka nyengo yosankha fodya. Kenako anapeza ntchito pa pulazi ina cha ku Norton, n'kupita ndi ana awo onse. Mnyamata wa taye anadabwa kuti palibe wakuchimuna amene anatsutsa. Ndinamuuza kuti kwathu ana ndi a mayi, iye n'kulemba m'kope lake.

Sindidziwa kumene ophunzira aja anakathera. Thadzi loyera lija ndikudziwa. Mlamu sanalitole, ine sindinalikhudze, ndipo pa komboni ponse panalibe wolimba mtima kulipha. Linakhala zaka khumi ndi chimodzi, likudya pakhomo lililonse, mpaka linafa lokha ndi ukalamba pansi pa thanki ya madzi. Izi ndiye musandikayikire. Ndinalikwirira ndine.