Geti la ku Woodlands

Mphunzitsi wathu wa zowotcherera zitsulo ankavala khoti loyera mbee, lopanda ndi kabowo komwe kopsa ndi moto. Ife tinkafika pakoleji paja titanyamula maovolosi athu m'mapulasitiki, ine kuchokera ku Kabwata, anzanga ku Chelstone ndi ku Libala, n'kumupeza atakhala pakhomo la wekishopu akupukuta nsapato.

Teremu yoyamba yonse tinathera pa tupa. Aliyense anapatsidwa kachidutswa ka chitsulo kuti akapale mpaka kasalale mbali zonse. Ukapita nako kwa iye, ankakayang'ana chapatali ngati kakununkha.

"Sikanakwane. Bwelela."

Makina osemera zitsulo anali pakona, atafunditsidwa lona. Ankangotilozera makinawo ngati manda a mfumu. Tikapempha kuti tiwayatse, ankati malaiti angathe kupita. Malaiti akakhalapo, kiyi amakhala ataiwalika kunyumba.

Tsiku lina anabwera akumwetulira, n'kutiuza kuti mayeso a manja afika: tipange geti lalikulu lotsetsereka, la maluwa pamwamba. Tinasangalala ngati ana. Tinadula mapaipi, kuyeza, kuwotcherera mpaka maso kuyabwa ngati mwalowa mchenga. Ine ndinapinda maluwa onse ndekha, ndipo chipsera cha ntchito imeneyo ndikadali nacho pamkono.

Litatha, kunabwera kalole. Anatiuza kuti tikwere nalo, oyesa mayeso akudikira kwina. Kwinako kunali ku Woodlands, panyumba yake yatsopano. Woyesa mayeso anali mkazi wake, ataima pakhonde ndi kapu ya tiyi.

"Ba Sir, ndiye mayeso aya?" ndinafunsa.

"Iwe, ni field experience. Nyamula uko."

Mayiyo anazungulira geti lathu, n'kunena kuti maluwawo ndi achimidzi, a neba ake ndi okongola kuposa awa. Mwamuna wake, pofuna kudzionetsa, anandilanda chogwirira ndodo yowotcherera kuti alumikize yekha njanji ya pansi. Chigoba chakumaso anakana, akuti n'cha ophunzira. Ndodo inakakamira pachitsulo. Anaikoka, inakakamiranso. Kachitatu anaboola paipi, n'kunena kuti chitsulo cha masiku ano n'chabodza. Palibe anaseka. Tinangomuyang'ana, ndipo ndikhulupirira kuti anamva zomwe maso athu ankanena.

Bowolo ndinalitseka ndine, iye ali m'nyumba kutsuka maso. Sanatipatse ngakhale madzi akumwa. Kalole kanali katapita kale, choncho tinayenda wapansi mpaka pokwerera minibasi, manja ali bii.

Sabata yotsatira anabwera atavala magalasi akuda, n'kutiphunzitsa ola lathunthu za kuteteza maso pantchito. Tinalemba zonse mwaulemu.

Tonse tinakhoza, koma mamakisi apamwamba anapita kwa mphwake wa mphunzitsiyo, mnzathu wa m'kalasi yemwe tsiku la geti anali ku ukwati. Kuwotcherera kwenikweni ndinakaphunzira pambuyo pake kuseri kwa msika wa Soweto, pokonza mawilibala a onyamula katundu. Mphunzitsi uja ndinamva kuti anamukweza, tsopano ndi mkulu wa dipatimenti yonse.