Mtembo Umene Unakafunsira Mbeta

A Tsang Kam-shui akamakwera masitepe a mdadada wathu ku Sham Shui Po, mawondo awo amalira ngati chitseko chakale. Iwo amati ndi ukalamba. Bodza limenelo. Mawondowo anawathera pa kanema mu 1986, akudumphadumpha miyendo pamodzi, manja kutsogolo, nkhope yoyera mbuu, m'sewero lina la magawo khumi la mitembo yoyamwa magazi. Mwezi watha analionetsanso, ndipo ndinaseka mpaka misozi, ine amene kale ndinkalionera kuseri kwa mpando.

Ntchito yawo yeniyeni inali yosoka nsapato. Anawatenga kuti akhale mtembo m'seweromo chifukwa anali wamtali, woonda ngati nsungwi. M'sewero monse sanayankhule ngakhale liwu limodzi, koma tonse tinkawaopa. Tinaphunziramo zinthu ziwiri. Mtembo ukayandikira, ugwire mpweya kuti usakuone. Ukaumata pepala lachikasu pamphumi, umauma pomwepo.

Tsoka lake, nthawi imeneyo anali pachibwenzi ndi Suet-fong, wogulitsa matikiti pa sitima yowolotsa anthu. Mayi ake a mtsikanayo, Mayi Poon, sankaphonya gawo. Atamva kuti mkamwini ndi ameneyo, anakana kwamtuwagalu.

"Mwana wanga akwatiwe ndi munthu wotuluka m'bokosi? Ine ndili moyo?"

Suet-fong anawauza a Tsang mosabisa kuti mayi akakananso pamaso, chibwenzi chathera pomwepo.

Lamulungu masana ndinawaperekeza a Tsang kwa Mayi Poon, nditanyamula makeke ndi malalanje. Anali atasamba katatu madzi a masamba a manyumwa kuti achotse tsoka. Pakhomo tinapeza mayiwo atamwaza mpunga womata, umene amati umawotcha mapazi a mitembo. Mnzangayu ndi munthu waulemu, sangaponde chakudya. Anaphatika miyendo n'kuudumpha, ndipo poopa kugwa anatambasula manja kutsogolo.

Ndinawamvera chisoni.

Mayi Poon anabwerera chafutambuyo mpaka kukhoma, atatsina mphuno, pakamwa atatseka. Nkhope inayamba kufiira.

"Amayi, pumani!" anakuwa Suet-fong.

Mayiwo anapukusa mutu.

"Mutifera pano inu! Ndi wosoka nsapato uyu!"

Sizinathandize. Suet-fong anathothola tsamba lachikasu pa kalendala, n'kulinyowetsa ndi malovu, n'kulimata pamphumi pa a Tsang.

"Iwe, uma!"

Anaumadi, manja ali chitambasulire, thukuta likutsika m'khosi. Mayi Poon anatulutsa mpweya wonse nthawi imodzi, n'kutsokomola. Kenako anayandikira pang'onopang'ono, n'kugwira dzanja limodzi ndi zala ziwiri zokha. Analigwira kanthawi ndithu.

"Likutentha," anatero. "Nanga likunjenjemera chiyani?"

"Akukuopani, amayi."

"Ameneyu? Kuopa ine? Milungu yonse ija wandisowetsa tulo!"

Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenuza dzanjalo n'kuona chikhatho chokhakhala ndi zipsera za zingano.

"Kuonda kumeneku, mpake anamulemba umtembo. Kwanuko simuphika? Suet-fong, mchotse pepalalo, adya bwanji kukamwa kuli kotchinga? Ndipo ukamutenga uzimudyetsa, asandichititse manyazi pa ukwati."

A Tsang sanatsitse manja mpaka pepala litachoka. Patebulo anawapatsa ntchafu zonse ziwiri za nkhuku. Ine wonyamula makeke ndinapata khosi.