Chitsononkho pa Thanki ya Mayi Safiya

Adhana ikangomveka ku mzikiti wa ku Kanyenda, Mayi Safiya amadzuka n'kuswali. Akatero amatenga kansanza n'kupita pansi pa mtengo wa mango, pomwe pamagona pikapu yoyera imene anawasiyira amuna awo, malemu Abdulhamid. Amayang'ana madzi ndi oyilo, amaponda tayala lililonse ndi chidendene, ndipo pomaliza amagwira pakamwa pa thanki ya petulo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi pamenepo panalibe chitsekerero. Panali chitsononkho chokulunga m'jumbo, chomangidwa ndi mphira ya chubu.

Chitsekerero chenicheni anachitaya ndi malemuwo. Tsiku lina atathira petulo anachiiwala pamwamba pa galimoto, chinakagwera kumene chinakagwera. Iwo anangotola chitsononkho pankhokwe, nati chigwirizire kaye sabata imodzi. Chikafumbwa ankaikapo china. Atamwalira, Mayi Safiya anatenga makiyi, anatenganso chizolowezicho.

Ntchito yawo ndi yonyamula amayi asanu ogulitsa usipa ndi chambo kuchokera kudooko kupita ku msika wa Dwangwa. Sayankhula zambiri, sathamanga pamsewu, ndipo sanachedwepo, kufikira m'mawa wina wa mu Febuluwale. Mvula inali itagwa masiku atatu. Galimoto inatsokomola pakati pa minda ya nzimbe n'kuzima. Pomwe ankafika pamsika masana, chambo chinali chitayamba kununkha.

Nasra, wamkulu wa amayiwo, sanabise mawu.

"Make Rahma, timakukondani, koma nsomba sizidikira munthu. Ikadzazimanso panjira, ife tiziyenda pa minibasi."

Feston, makaniko wa pafupi ndi msika, anakhuthula thanki n'kuwaonetsa m'botolo: madzi pansi, petulo pamwamba, tizinyenyeswa ta chitsononkho tikuyandama.

"Amayi, galimoto yanuyi mukuidyetsa gaga ngati nkhuku. Mwezi wamawa ndikupita ku Lilongwe, ndikakufunirani chitsekerero."

Mayi Safiya anayang'ana kumwamba. Mitambo inali isanathe. Mwezi wamawa kunali kutali.

Pa Dwangwa pomwepo pali okala ya Tedson, yodzaza ndi zitsulo za magalimoto akale, koma ili m'kanjira kamatope komwe galimoto singalowe. Nanga akadziwa bwanji chokwanira? Kunyumba anatenga sopo wochapira, namufewetsa pang'ono ndi madzi, namukuta ndi jumbo yopyapyala kuti asagwere mkati, kenaka anamudinda mwamphamvu pakamwa pa thanki. Pasopopo panatsala mzere wozungulira ndi timipata tiwiri, uku ndi uku.

Tedson ataona sopoyo anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Amayi, kuno sitichapa zovala."

"Ndikudziwa, mwanangu. Tulutsani zitsekerero zonse."

Anawapatsa chonyezimira, cha mazinga ngati cha botolo, nati chimakwana galimoto iliyonse. Iwo anachiyika pasopo n'kuchibweza.

"Changa chikhale ndi makutu awiri, oti alowe apa ndi apa."

Tedson anasiya kuseka. Anakhuthula katoni yonse pansi. Chachisanu ndi chiwiri, chakuda, chokalikakalika, chinakhala pasopo bwinobwino. Mayi Safiya anachitembenuza, nadina mphira yake ndi chikhadabo kuti aone ngati yauma. Inali yofewa, yopanda mng'alu.

Kuchiyika sanaitane munthu. Anamasula mphira ya chubu, nazula chitsononkho pang'onopang'ono kuti chisathyokere mkati. Anapukuta pakamwa pa thanki ndi nsanza youma, kuchokera mkati kupita kunja. Kenaka anati Bisimila, analowetsa makutu awiri aja m'mipata yake, nakankha, napotoza kumanja mpaka chinagwira kuti gwa. Anatunga ndowa ya madzi n'kuikhuthulira pamenepo. Atapukuta n'kutsekula, mkati munali mouma.

M'mawa mwake mvula inawapeza asanafike pa msewu wa tala, ndipo inawaperekeza mpaka pa Dwangwa. Galimoto sinatsokomole n'kamodzi komwe. Nasra potsitsa dengu lake anagogoda chitsekerero chija ndi chala.

"Mawa nthawi yomweyi, make Rahma."

"Inshala."

Amayi asanu aja akuyendabe nawo mpaka lero, ndipo madalaivala ena a pa Dwangwa ayamba kupita kwa Tedson ndi sopo m'thumba.

Chitsononkho chomaliza chopanga malemuwo, cha jumbo yabuluu, Mayi Safiya anachisunga kalekale m'kabokosi ka kutsogolo, pamodzi ndi mapepala a galimoto. Akamafuna laisensi amachigwira, ndipo amakumbukira m'mawa wina amuna awo akuliza injini, iwo ataima pawindo ndi tiyi m'manja. Abdulhamid anangomwetulira tsiku limenelo, nalowetsa giya, Mayi Safiya atawauza kuti:

"Bambo a Rahma, lero lokha mukagule chitsekerero chenicheni."